Magalasi a M'chulu cha Likongwe

Padangokhala. Amene tili tonse asendere pafupi, nkhaniyi si yofuula.

Padali Likongwe, mnyamata wa pakamwa potsekemera ndi miyendo yopepuka. Luso lake lidali kulowa m'khola la nkhuku n'kutulukamo mwini khola ali pakhonde osamva kanthu. Khasu sankalikonda, nalonso silinkamudziwa. Ankakhala m'chulu chimene adamusiyira malemu amalume ake. M'chulumo mudali kabalaza ndi kachipinda kamodzi kogona, kochepa kwakuti iye akagona mchira unkatsala pakhomo.

Likongweyu adakonda Ndaziona, mtsikana wa kwa a Nungu. Pa zonse zimene adayankhulapo pamoyo wake, chikondi chimenechi chokha ndicho chidali choona kuyambira kumutu mpaka kumchira. Nayenso Ndaziona adamulola, poti mnyamatayo ankamuseketsa mpaka minga ya pamsana pake kumalira ngati maseche.

Tsiku lina Likongwe adakagwada pamaso pa a Nungu aakulu, amalume ake a mtsikanayo, amene adali mwinimbumba.

"Bambo, ndabwera kudzapempha chitengwa. Ndikufuna Ndaziona akakhale kwathu."

"Kwanu kuti?"

"Kuchulu kuja."

"Chipinda chogona n'chachikulu bwanji?"

Likongwe adaseka pang'ono. "Bambo, anthu amafunsa za nkhokwe."

"Ine ndafunsa za chipinda. Mwana wathu sagona mopanikizika. Pitani mukakumbe mvula ikadali kufewetsa dothi. Mukatha tidzatuma maso, ndipo maso akakhuta mudzamutenga."

Likongwe sadafunse chifukwa chake. Mumtima mwake adangoti anthu a minga awa ndi onyada, akungofuna kuona thukuta la mkamwini.

Atafika kwawo adayesa kukumbadi. Dothi la chulu lidamuyankha kuti gwa, chikhadabo chimodzi n'kung'aluka. Adachiyang'ana chikhadabocho ngati wafedwa, kenako adati, "Mutu ulipo, zala zivutikirenji?" Mvula idabwera, mvula idapita, chipinda chili chomwecho.

Nthawi itayamba kumuthina, adakumana ndi Bwampini, wamalonda wa m'deralo, amene ankatola chilichonse chonyezimira kumabwinja a anthu n'kumaunjika m'nyumba mwake. Bwampiniyo adali ataonda, maso ali psuu.

"Achimwene, mwatha bwanji chonchi?"

"Ndinenepe bwanji m'nyumba muli akuba? Ndidakoka zimbale zitatu zonyezimira kunyumba ina yogumuka. Chizilowetsereni, ndikangotsegula chitseko ndimapeza abwampini atatu akuyang'anitsitsa katundu wanga. Ndikawaonetsa mano, nawonso amandionetsa awo."

Likongwe adazindikira msanga. Pa maulendo ake a kumakola adaonapo mayi wina akudzola mafuta patsogolo pa chinthu chotero, chimene anthu amati galasi, ena amati kalilole. M'menemo simukhala munthu. Chimangobweza chimene wachipatsa.

"Amenewo ndi akuba oopsa," adatero akupukusa mutu. "Amagona m'zimbalemo. Koma poti ndinu mnzanga, ndiwasenza ndikawatsekere kwanga."

Bwampini adathokoza mpaka kumupatsa mtedza wodya panjira.

Likongwe adaimika galasi limodzi kukhoma la kumapeto, awiri enawo m'mbali. Adawapendeketsa pang'ono kuti aziyang'anizana okhaokha osayang'ana kukhomo, n'kumata m'mphepete mwake ndi dothi. Pakati adayala mphasa imodzi, n'kuika mtsuko umodzi. Atabwerera pakhomo n'kucheuka, makoma adali atathawa. Mphasa idatsata mphasa inzake, mtsuko udatsata mtsuko, mpaka kumene diso limatopera. Iye mwini adatsala pang'ono kukhulupirira.

Pomwepo adapeka nyimbo. Idali nyimbo yothamanga, yoyenera kuwombera m'manja, yotamanda chulu chimene kunja chimaoneka ngati chigoba cha mtedza koma m'kati mwake mlendo amasochera. Wotsogolera ankafunsa kuti chipindacho adachiyeza ndani, ndipo ovomereza ankayankha kuti adachiyeza ndi maso, ndipo maso sanama. Adaiphunzitsa kwa amayi a m'mudzi mwake, n'kutumiza uthenga kwa a Nungu kuti ntchito yatha.

Oyamba kubwera adali a Nungu eni ake. Likongwe adawalandira pabalaza, adawapatsa madzi akumwa, kenako adakankha chitseko cha kuchipinda. Mkuluyo adaima pakhomo, maso tong'o.

"Mphasa zonsezi n'za yani?"

"Za ana amene Namalenga adzatipatse, bambo. Ine sindikonda kukonzekera mochedwa."

"Nanga mitsukoyi?"

"Mwana aliyense wakewake. Ana akamamwera mumtsuko umodzi sachedwa kuyambana."

A Nungu adanyamula phazi kuti alowe. Likongwe adatsokomola, n'kuyang'ana kumbali ngati wagwidwa ndi manyazi.

"Bambo, kuchipinda kogona mwana wa mlongo wanu? Ine sindikaniza, nyumba ndi yanu. Koma anthu akamva..."

Phazi lija lidabwerera ngati laponda khala la moto. "Iyayi, iyayi, ndaona kale. Ndimangowongola mwendo."

A Nungu akuchoka, amayi aja adawaperekeza ndi nyimbo ija, ndipo mkuluyo adakafika kwawo akuing'ung'udza osadziwa. Adauza mlongo wawo, mayi ake a Ndaziona, kuti chipindacho n'chonga bwalo la gule. Mayiyo sadakhutire.

"Achimwene, inu mumaona zinthu zazikulu mukapatsidwa ulemu. Apite a Fulu."

A Fulu adali nkhoswe yakuchikazi, munthu wodekha, wokonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adafika kuchulu dzuwa lili pamutu, atanyamuka kwawo dzulo lake. Adakana madzi, adakana mpando, n'kulunjika pakhomo la chipinda.

"Mwambo ndikuudziwa, mnyamata, sindilowa," adatero. "Koma khosi langa silidalangizidwe."

Adatambasula khosi lija, nalo lidapitirira khomo, lidapitirirabe, mpaka mutu udafika pamene magalasi ankaona. Chapatali, pakhomo lina, padasuzumira mutu wa fulu.

"Uyo ndani uko?"

Pakamwa pa Likongwe padayankha pasadafunse mwini wake. "Ndi nkhoswe yakuchimuna, bambo. Nawonso ndi a Fulu, a kutsidya. Asuzumira pakhomo la kumapeto."

"Chipindachi chili ndi makomo awiri?"

"Chipinda chotere khomo limodzi lingakwane?"

A Fulu adagwedeza mutu kupereka moni. Winayo adagwedeza nthawi yomweyo.

"Munthu waulemu," adanong'ona. "Ndipo wooneka bwino." Kenako adakweza mawu: "Muli bwanji kumeneko?"

Pakamwa pa winayo padatseguka, koma mawu osamveka.

"Nanga bwanji sakuyankha?"

"Akuyankha, bambo, simukuona pakamwapo? Kungoti mawu akachoka uko amatopa panjira. Amafika kuno mawa lake."

A Fulu adabweza khosi lawo pang'onopang'ono. "Ndikadapita kukawagwira chanza, koma ndi mayendedwe angawa ndingakafike mwana woyamba atabadwa. Muwauze kuti ndawaona."

Nyimbo ija idaimbidwanso, mokweza kuposa poyamba. Koma mayi ake a Ndaziona atamva za nkhoswe yakutsidya adangoti, "Amuna awiri aona ataima pakhomo. Tsopano apite woti akalowe."

Munthu mmodzi yekha ndiye adali ndi ufulu wolowa kuchipinda cha banja latsopano, ndiye namkungwi amene adalangiza mtsikanayo. Namkungwiyo adali a Mleme, mayi wokalamba wa maso ofooka, amene ankayeza malo ndi makutu. Akalira kamodzi, mawu awo ankagunda khoma n'kubwerera, iwo n'kudziwa kutalika kwake. Likongwe atamva izi chakudya chidamukanika. Galasi limanamiza diso, koma khutu ayi.

Adaganiza, adaganiza, kenako adazungulira mudzi wonse.

"Amayi, kukubwera namkungwi wamkulu wa kwa a Nungu. Mukamulandira mwakachetechete, adzakanena kuti kuno ndi kumanda. Bweretsani mitondo, bweretsani ng'oma, mudzasinjire pamwamba penipeni pa chulu."

A Mleme pofika adapeza chulu chikunjenjemera. Misi inkagunda, ng'oma zinkalira, nthungululu zili pwirikiti, nyimbo ya maso osanama ikubwerezedwa osapuma. Adalowa m'chipinda, adalira kamodzi, osamva kanthu. Adaliranso, osamva kanthu.

"Aletseni anthuwo! Sindikumva makoma."

"Agogo, chikondi ndingachiletse bwanji? Akuimbira inu. Gwirani dzanja langa tiyende, pansi pano ndazira kumene, mpoterera."

Adawagwira phiko, n'kuyamba kuwazungulitsa mphasa imodzi ija. Adazungulira, adazunguliranso.

"Tafika pakati?"

"Pakati patali, agogo."

Adazungulirabe. Miyendo ya mleme si ya ulendo, ndipo posakhalitsa mayiyo adayamba kupuma mwawefuwefu.

"Mwana iwe, ndibwezere kukhomo. Ndafa."

"Kubwerera nakonso n'kutali, agogo, limbani mtima." Adawazungulitsanso kangapo asadawatulutse.

Pakhomo a Mleme adaima, adanunkhiza. "Chipinda n'chachikulu, miyendo yanga ikuvomereza. Koma mpweya wake ndi wa m'chigubu."

"Ndi fungo la dothi latsopano, agogo."

Basi, maso adakhuta, miyendo idakhuta. Ukwati udachitika, anthu adavina, ndipo dzuwa litapendeka anamwali adamuperekeza Ndaziona kuchulu n'kubwerera.

Ndaziona adaima pakhomo la chipinda akumwetulira. Adaloza mphasa yakutali. "Ine ndizigona apo, inu muzindifunafuna."

Asadayende n'komwe, mphuno yake idagunda chinthu chozizira. Patsogolo pake padali mtsikana wa minga, wovala mikanda ya ukwati, akumuyang'ana modzidzimuka. Adatembenuka, minga idakanda galasi kuti kwee. Adatembenukira kwina, kwee. Adaima phee.

"Uyu ndine?"

"Ndinu."

"Ndiye kuti mphasa ndi imodzi."

"Imodzi."

Likongwe adadikira kuti aseke, poti machenjera ake onse mtsikanayo ankawaseka. Adali atakonzeka kale kumusimbira za khosi la a Fulu. Koma maseche aja sadalire.

"Kodi mudafunsa chifukwa chimene amalume adanenera za chipinda?"

"Ndinkayesa kunyada chabe."

"Ife anungu tikagona, minga imatambasuka yokha. Ikapanda kutambasuka imawawa kumizu ngati dzino lobooka. Ndi zokhazo." Adakhala pamphasa, atadzipinda kuti asakandenso. "Mukadandiuza ine. Kukumba ndi ntchito ya kwathu, ndidaiphunzira ndisadadziwe kusinja. Tikadakumba awiri, mvula isadathe."

Likongwe adakhala pansi pakhomo.

"Palibe kanthu," adatero Ndaziona. "Zachitika. Tiyambe mawa."

"Mawa ayi. Alendo a ukwati akadali m'mudzi. Akaona mulu wa dothi pakhomo adzafunsa kuti mwini chipinda chonga bwalo akukumbiranji. Tidikire achoke."

Ndaziona adavomera. Adagona atapinda minga yake, ndipo kutacha adadzuka movutikira ngati nkhalamba.

Alendo adachoka, koma mbiri idatsala. Idakafika kwa mfumu Chiuli, ndipo mfumuyo idabwera, idaima pakhomo, idagwira pakamwa. Tsiku lomwelo Likongwe adaikidwa kukhala nduna yoona za zomangamanga. Adapatsidwa ndodo yosema ndi mpando pabwalo la milandu, iye amene kale ankafika pabwalopo ngati woimbidwa mlandu wa nkhuku. Anthu adayamba kubwera kuchokera kutali kudzaona chipinda. Akamabwera, Ndaziona ankayenera kutuluka n'kukakhala kuseri kwa chulu, kuopa kuti angaoneke ambiri m'magalasi. Ali kuseriko ankamva mwamuna wake akutsogolera nyimbo, mawu ake ali okoma ngati kale.

"Bambo, alendo a ukwati adapita kalekale. Tikumbe."

"Ndodo yangoperekedwa kumene. Anthu aizolowere kaye."

Patapita nthawi Ndaziona adafunsanso. "Ndizitulutsa dothi pang'onopang'ono m'lichero, ndiziphimba ndi madeya."

"Dothi la chulu n'lofiira, Ndaziona. Mayi mmodzi akangoona, mudzi wonse waona."

Musaganize kuti Likongwe sankamva chisoni. Ankamva. Ankamubera maungu okoma m'minda ya anthu, ankamupaka mafuta a nsatsi pamsana, ankamuuza nthabwala zatsopano. Adamuchitira chilichonse kupatula kugwira khasu. Minga ya Ndaziona idayamba kuthothoka. M'mawa uliwonse Likongwe ankaitola n'kuibisa pansi pa mphasa alendo asadafike, ndipo tsiku lililonse ankadziuza kuti mawa.

Mayi ake a Ndaziona adabwera kudzamuona, n'kumupeza akuyenda chopendekera.

"Mwana wanga, msana watani?"

"Ndi mtolo wa nkhuni, amayi. Ndidasenza waukulu."

Mayiyo atapita, Ndaziona adati kwa mwamuna wake, "Lero ndanamiza amayi anga. Sindidachitepo chibadwire."

"Mwachita bwino, mwatiteteza."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo."

M'mawa wina Ndaziona adalowa m'chipinda atanyamula khasu.

"Bambo, ndili ndi pakati."

Likongwe adalumpha ndi chimwemwe mpaka mutu kugunda kudenga.

"Tamverani kaye. Mwana wa nungu amabadwa ndi minga yofewa. Ikapanda kutambasuka masiku oyamba, imauma chopindika, ndipo imakhala choncho moyo wake wonse. Yangayi ndapinda chifukwa cha inu, ndidafuna ndekha. Ya mwana sindipinda. Khasu ili. Tiyambe lero, anthu aseke, atope, aiwale."

Likongwe adaliyang'ana khasulo, ndipo dzanja lake lidayamba kupita. Nthawi yomweyo kunja kudamveka ng'oma. Adakumbukira kuti tsiku limenelo mfumu Chiuli idaitana mafumu anzake a madera ena kudzaona chipinda cha nduna yake.

"Lero lokha, Ndaziona. Mfumu singachite manyazi pamaso pa alendo ake. Mawa m'mamawa, ndikulumbira pali malemu amalume."

Ndaziona adamuyang'ana nthawi yaitali, mopanda mkwiyo. Adatsamiritsa khasu pabalaza, adamanga tinthu take m'chitenje, n'kutuluka. Mafumu adali atafika kale. Ndaziona adagwada, adapereka moni kwa aliyense, kenako adati, "Ndapita kukaona amayi."

"Mkazi waulemu bwanji!" idatero mfumu Chiuli. "Nduna yanga idasankha."

Likongwe adaona phukusi lija ndipo adadziwa kuti si la ulendo wobwerera tsiku lomwelo. Njira idali pomwepo, miyendo yake idali yopepuka, Ndaziona ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha msana. Akadathamanga akadamupeza asadakhote. Koma amayi adali atayamba kale kuwomba m'manja, onse akumuyang'ana iye, kudikira kuti wotsogolera afunse funso lake. Adafunsa. Iwo adayankha kuti maso sanama, mafumu adagwira pakamwa, ndipo pamene adacheukanso munjira mudalibe munthu.

Alendo atabalalika, Likongwe adalowa m'chipinda n'kukhala pamphasa. Kumanja kudali Likongwe atakhala yekha pamphasa yake. Kumanzere chimodzimodzi. Patsogolo, mpaka kumene diso limatopera, alikongwe okhaokha, aliyense yekha, aliyense atagwira ndodo yosema. Adayesa kuwauza nthabwala. Onse adatsegula pakamwa, palibe adaseka.

Adadikira. Ndaziona sadabwere. Kwawo sadaulule kanthu, koma a Mleme pomupaka mankhwala adakhudza zilonda za kumizu ya minga, ndipo zala zawo zidamva zimene makutu adalephera kumva tsiku lija. Likongwe ankayembekeza kuti a Nungu abwera ndi ukali, ndipo adakonza mayankho ochenjera okwanira mlandu wonse. Palibe adabwera. Palibe adatumiza ngakhale mawu otukwana. Chete ameneyo ndiye adamudya.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu, anthu ali pabwalo, Likongwe adagumula dothi la m'mphepete, adasenza magalasi aja limodzilimodzi n'kuwaimika panja. Mudzi wonse udathamangira. Aliyense adadzionera nkhope yake, kenako adasuzumira m'chulu n'kuona kachipinda konga chisa cha mpheta. Mfumu Chiuli sidayankhule zambiri, idangotambasula dzanja, ndipo Likongwe adabweza ndodo. A Fulu atamva, adayenda ulendo wonse kudzaona nkhoswe yakutsidya. Adaiyang'ana maso ndi maso, adalowetsa mutu m'chigoba, ndipo akuti adautulutsa atafika kwawo. Ana adaitenga nyimbo ija. Ankafunsa funso lake lomwe lija, koma pofika poyankha ankangogubuduka ndi phwete.

Likongwe adatenga khasu limene Ndaziona adasiya, n'kuyamba kukumba. Chidali chilimwe, dothi litauma ngati mwala. Mpini udathyoka, adasema wina. Khasu lidatha, adapitiriza ndi zala. Zikhadabo zidang'aluka chimodzichimodzi, ndipo nthawi ino sadaziyang'ane. Mulu wa dothi lofiira udakula pakhomo, anthu adaseka, adatopa, adaiwala, monga momwe mkazi wake adanenera. Pamene mitambo inkayamba kusonkhana, chipinda chidali chachikulu zenizeni, choti anungu asanu n'kugona atatambasula minga osakhudzana.

Adasamba, adapita kwa a Nungu, adagwada pamalo pomwe adagwada poyamba.

"Bambo, ndakumba."

A Nungu adayankha mofatsa. "Mwina mwakumbadi. Koma nditume ndani akaone? Ine ndidaona ndi maso anga. A Fulu adaona ndi khosi lawo. A Mleme adayenda ndi miyendo yawo. Tonse tidabwera kuno tikulumbira. Ndilibenso munthu wotuma, mnyamata. Mudatithera mboni."

"Bwerani mudzalowe nokha, mudzagwire makoma."

"Mudandiphunzitsa ndinu kuti kumeneko sindilowa."

Pamenepo chitseko chidatseguka, Ndaziona adatuluka. Adali atanenepako, minga yatsopano itayamba kumera pamene padathothoka. Pambuyo pake pankatsata kamwana, kakuyenda mwadzandidzandi. Ndaziona adakhala pansi chapatali pang'ono, monga amakhalira mkazi polankhula ndi mlendo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. Ndaziona, chipinda chija..."

"Ndamva. Tandionetsani manja."

Likongwe adatambasula manja ake. Ndaziona adawayang'ana, maso ake adadzaza misozi, koma sadasendere.

"Ine ndakukhulupirirani. Manja awa sadaikidwe galasi. Mwakumba, ndipo mwakumba nokha, m'chilimwe, ntchito imene tikadaigwira awiri tikuimba."

"Ndiye tiyeni kwathu."

"Ndayesa, bambo. Chimvereni kuti mwatulutsa magalasi, ndakhala ndikudzifunsa. Mtima umati pita. Koma msana wanga ukangomva dzina la chulu chija umadzipinda wokha, ngakhale ndili pabwalo. Mwana akandiona nditadzipinda, nayenso amadzipinda. Sindidziwa kuti msana amaunyengerera bwanji. Inu amene mumadziwa kunyengerera, ndiuzeni."

Likongwe adafufuza m'mutu mwake, m'mene mudatuluka nkhoswe yakutsidya ndi mawu otopa panjira. Mudali mbee.

Kamwana kaja kadasendera, kadamununkhiza mlendoyo kumapazi. Likongwe adatambasula dzanja kuti akagwire, koma kadadzidzimuka, n'kuimitsa timinga take tonse nthawi imodzi. Tidali towongoka bwino, palibe kopindika ngakhale kamodzi.

"Kakula bwino," adatero Likongwe.

"Kakula bwino. Muzibwera kudzakaona, khomo silotseka."

Likongwe adatsanzika, adadzuka, adabwerera yekha. Chipinda chachikulu chija sadachizolowere. Ankagona pangodya, pamene padali kachipinda kakale, atadzipinda ngati malo akusowa. Nyimbo sadapekenso ina.

N'chifukwa chake mpaka lero likongwe amayenda yekha. Mukamuona akudutsa njira, sathamanga ulendo umodzi ayi. Amafika pakati, amaima ndi miyendo iwiri, amasuzumira uku ndi uku ngati pali wina amene akubwera ndi phukusi kumutu. Akaona kuti palibe, amatsitsa mutu n'kulowa m'udzu.

Yanga yagona pamenepa. Amene ali ndi khasu lotsamira khoma akaligwire dothi likadali lofewa.